Mtumiki amene ankabweza malata koma osapemphera

Ndalemba lipotili chifukwa cha abusa anzanga, akulu ampingo ndi ena onse amene amayendera akhristu amene agwa. Eni nkhani, bambo ndi mayi, anavomera kuti ndilembe bola ndisatchule dzina, mudzi kapena mpingo wawo, ndipo zina zimene zikanawaulula ndazisiya dala. M'lipoti monse ndiziti "bambowa". Mulinso zolakwa zanga, ndipo sindinazibise, poti popanda izo nkhaniyi singamveke.

Munthuyo ndi mlandu wake

Bambowa ndi a zaka za m'ma 40, mlimi wa chimanga ndi soya m'boma lina la chigawo chapakati, ndipo ali ndi ana asanu. Kwa zaka zambiri anali mtumiki pa nyumba ina ya mapemphero ya mpingo umene ndimatumikira, kutali ndithu ndi pamene ndimakhala ine. Akhristu a kumeneko ankasonkha ndalama zoti afolere tchalitchi chawo ndi malata, ndipo msungi wa ndalamazo anali iwo. Sanasankhidwe mwangozi. Anali munthu wosamwa, wosakonda mikangano, wodziwa Baibulo kuposa ena mwa ife ovala kolala. Pa maliro, mlaliki akachedwa, anthu ankayang'ana kwa iwo kuti atsegule mwambo ndi pemphero.

Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, mvula yoyamba ili pakhomo. Mitengo m'masitolo a zaulimi inasintha m'masiku ochepa, ndipo chaka chimenecho dzina la bambowa silinali pa mndandanda wa olandira feteleza wotsika mtengo. Anatenga ndalama za malata n'kugula matumba anayi, awiri a wokulitsa, awiri a wobereketsa. Mumtima ankati sakuba ayi, akubwereka: ndalamazo zikungogona m'nyumba n'kumatha mphamvu, palibe afolera tchalitchi mvula ikugwa, ndipo akakolola abweza ndi kapamwamba.

Chimanga chinamera bwino. Kenako kunagwa ng'amba ija ya El Niño, imene kwawoko inavuta kwambiri mu Febuluwale 2024, chimanga chikutulutsa ngayaye. Pa 23 Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi. Zimene bambowa anakolola sizinali zokwana n'kudyetsa banja komwe.

Mvula itatha, komiti inafuna ndalama zija kuti ikagule malata. Ulendo woyamba bambowa anati anabwereketsa m'bale wina amene abweza posachedwa. Wachiwiri anati zili pa foni koma layini yavuta. Mabodza awiri onsewa anawanena pamaso pa akulu ampingo, msonkhano utatsegulidwa ndi pemphero. Ulendo wachitatu, mu Juni, anaulula asanafunsidwe n'komwe.

Mpingo wathu ndi wa dongosolo la Chipresibiteriyani, kotero mbusa sagamula yekha, amagamula pamodzi ndi akulu ampingo. Nkhaniyi inatidyera masana onse. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo ena mwa akuluwo anakulira limodzi ndi bambowa. Koma panalinso amene ankakumbukira amayi amasiye amene anagulitsa nkhuku zawo kuti asonkhe, ndipo awa ankafuna nkhani ipite kupolisi. Pomaliza tinagwirizana kuti achoke pa utumiki, adulidwe ku Mgonero, azilowa kalasi ya ofuna kubwerera, ndipo abweze.

Pa kabwezedwe, bambowa anapempha okha kuti asabweze ndalama imene anatenga, koma chiwerengero cha malata amene ndalamayo ikanagula tsiku limene anaitenga, poti mtengo unali utakwera. Anatchulanso Levitiko 6, pamene wodya zimene mnzake anamusungitsa akulamulidwa kubweza zonse ndi kuwonjezerapo limodzi la magawo asanu, nati nawonso atero. Akulu anagwedeza mitu mokhutira. Ine ndinalemba m'kabuku kanga kuti, "Kulapa kwenikweni." Lero ndikawerenga mawu awiriwo ndimachita manyazi. Sanali abodza kotheratu, koma ndi amene anandigoneka tulo, mpaka miyezi inayi inatha ndisanaponde pakhomo pawo.

Anagulitsa mbuzi ziwiri ndi wailesi. Anayamba ganyu woumba njerwa, kenako kabaza pa njinga ya mlamu wawo. Mwezi uliwonse ankabwera ndi lata limodzi kapena awiri atamanga pakaliyala. Kalasi sanajombepo. Lamulungu ankakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Mkulu wa dera lawo akamapereka lipoti ankanena zomwezomwezo: akuyenda bwino.

Mmene ndinadziwira

Mu Okutobala akazi awo anabwera kwa mayi busa ngati odzapereka mbatata. Atakhala pakhonde nthawi yaitali ndi pamene anamasuka.

"Mayi, abambo akunyumba sapemphera. Chiyambire Malichi. Nsima ikabwera amauza mwana kuti apempherere. Usiku sagona, amangokhala pampando mumdima. Dzana anandiuza kuti ndisade nkhawa, malata akatha ndidzapumula."

Mawu otsirizawo ndi amene anandinyamutsa m'mawa mwake. Ndinawapeza akumata chubu cha njinga, ataonda mpaka malaya kuoneka ngati obwereka. Titapatsana moni ndi kukambirana za nyengo, ndinafunsa osazungulira: "Bambo, kodi mwakhala mukuganiza zodzipha?" Ambiri timaopa funso limeneli, timati mwina tiika maganizo oipa m'mutu mwa munthu. Sizitero. Munthu amene wasenza yekha maganizo otere nthawi zambiri amapepukidwa wina akamufunsa poyera. Anakhala chete akuyang'ana chubucho, kenako anati, "Abusa, osati panopa. Ndimalize kaye malata a anthu."

Tsiku limenelo Baibulo sitinalitsegule. Ndinawauza kuti zimenezi sindisunga ndekha, mayi ayenera kudziwa, ndipo anavomera monyinyirika. Mankhwala onse a m'munda ndi a m'nkhokwe anakasungidwa kwa mlamu wawo dzuwa lisanalowe. Lolemba ndinawaperekeza kuchipatala, kumene dokotala anawafunsa za tulo, za chakudya ndi za maganizo, n'kupitiriza kuwaona kwa miyezi ingapo. Za chithandizo chimene analandira sindilemba, si gawo langa. Ndingoti kwa abusa anzanga: munthu akafika pamenepa, kumupempherera kokha n'kubwerera kunyumba ndi kumutaya. Zikavuta kwambiri kuli chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ife sitinafike kumeneko.

Chimene chinatseka pakamwa

Tinkakumana Lachinayi lililonse madzulo pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo. Ku ofesi ndinakana dala, chifukwa m'chipinda chimenecho ndi momwe anaweruzidwira. Masabata awiri oyamba ndinkayesa kuti vuto ndi manyazi basi, ndipo ndinataya nthawi kuwauza kuti anthu aiwala. Sabata lachitatu ndi pamene muzu unaoneka.

"Abusa, pali chimene sindinanene kubwalo kuja. Tsiku limene ndinatenga ndalama zija ndinagwada. Ndinaziika pa Baibulo n'kupempha Mulungu kuti adalitse munda, ndibweze munthu asanadziwe. Miyezi itatu ndinkapemphera m'mawa uliwonse kuti andibisire. Yankho lake mwaliona. Minda ya mudzi wonse inapsa."

Apa ndinazindikira kuti kuba ndi bodza sizinali zimene zinkawalemera kwambiri. Zimenezo anali ataziulula, ndipo ankadziwa njira yozikonzera. Chinkawapha n'chakuti pemphero lenilenilo analigwiritsa ntchito pochimwa, ngati munthu wobera mnzake ndi khasu limene mnzakeyo anamubwereka. Ndiye abwerere bwanji kwa Mulungu ndi pakamwa pomwepo? Pamwamba pa izi ankadziona ngati Akani wa pa Yoswa 7, amene anabisa zoletsedwa m'hema wake Aisiraeli onse n'kugonja chifukwa cha iye. Ana a anansi awo akamagona ndi njala, iwo ankati ndi mlandu wawo.

Ndinayamba ndi za ng'ambazo poti zinaoneka zosavuta. Ndinafotokoza kuti El Niño amabwera madzi a nyanja ya Pacific akatentha kuposa nthawi zonse, ndipo mvula ya kuno kumwera kwa Africa imasokonekera. Akatswiri a zanyengo anali atachenjeza kale miyezi ingapo iwo asanakhudze ndalama ija. Dziko la Zambia linalengeza za ngozi yomweyo kumapeto kwa Febuluwale, la Zimbabwe kumayambiriro kwa Epulo. Tinawerenga Mateyu 5:45, pamene Yesu akunena kuti Atate amavumbitsira mvula olungama ndi osalungama omwe, ndi Luka 13, za anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera, amene Yesu anakana kuti anali ochimwa kuposa anzawo. Ndinafunsa kuti, "Bambo, Mulungu angaumitse Zambia yense chifukwa cha matumba anayi a feteleza?" Anaseka pang'ono, koyamba chiyambire, n'kuvomera kuti n'zosatheka. Ndinabwerera kunyumba ndikudziyamikira. Lachinayi lotsatira ndinapeza kuti sanapempherebe. Mutu unamva, maondo anakana.

Kulangiza munthu wodziwa Baibulo n'kovuta, chifukwa vesi lililonse limene ungamupatse amakubwezera ndi lina. Ndikatchula 1 Yohane 1:9, kuti tikavomereza machimo athu Iye ali wokhulupirika ndi wolungama kutikhululukira, iwo ankayankha ndi Salimo 66:18, kuti munthu wosunga choipa mumtima Ambuye samumvera. Ndikati choipacho sakuchisunganso, anachitulutsa mu Juni, ankatsegula Mateyu 5:23-24: siya mtulo wako paguwa, uyambe wayanjana ndi m'bale wako. "Abale anga ndi malata aja, abusa. Akakwana ndidzabwera kuguwa." Ndinawaonetsa kuti vesilo likuti pita ukayanjane, ndipo anapita, anaima pamaso pa akulu, anavomera, akubweza. Silikuti khala chete mpaka ngongole ithe. Ankamvetsera mwaulemu wonse, n'kumaliza ndi mwambi: "Choipa chitsata mwini."

Tsiku lina ananena chinthu chimene chinandiloza ine. Anati, "Nanga si munandidula? Nthambi yodulidwa imauma, ndi Yohane 15." Ndinasowa chonena kwa kanthawi. Ife timati "wadulidwa" tikutanthauza kuti munthu waimitsidwa kudya Mgonero kwa nthawi, koma mlimi akamva mawu amenewa amaona nthambi ili pansi. Tsiku la chigamulo ndinawauza zonse zimene sayenera kuchita, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anati, "Koma muzipempherabe, khomo la Mulungu sitinatseke, ndipo mphamvu yotseka tilibe." Katekisimu wa Heidelberg wa 1563, amene mipingo ya chikhalidwe chathu imatsamira, pa funso 85 amakamba zoletsa munthu ku masakramenti ndi zomulandiranso akaonetsa kusintha. Zomuletsa kupemphera mulibe. Funso 117 limanena kuti pemphero lokondweretsa Mulungu ndi la munthu wodziwa kusowa ndi kusauka kwake, amene akhulupirira kuti ngakhale sali woyenera, Mulungu adzamumvera chifukwa cha Khristu. Mwa muyeso umenewu bambowa anali woyenera kupemphera mu Okutobala kuposa mmene analili akutsegula miyambo ya maliro. Zonsezi ndinaziphunzira kusukulu ya ubusa, koma pa tsiku lofunika sindinazinene. Kuyambira pamenepo, munthu akalangidwa ndimamutengera pambali tsiku lomwelo n'kumuuza zimenezi, ndipo mkulu akabwera ndi lipoti loti "akuyenda bwino" ndimafunsa ngati anamufunsako za pemphero.

Yudasi, ndi mwana amene ankafuna ganyu

Nkhani ya Yudasi ndinaisunga mpaka sabata lachisanu ndi chimodzi, mayi atanena kuti bambo ayamba kugona ndipo dokotala ataona kusintha. Sindikulangiza aliyense kuti aitenge ngati njira yogwiritsa ntchito kwa aliyense. Kwa munthu amene ali ndi maganizo odzipha ikhoza kukhala mpeni, ndipo ndinalowamo ndi mantha.

Ndinafunsa kuti ndani m'Mauthenga Abwino anabweza ndalama. Anati Zakeyu. Tinawerenga Luka 19, ndipo ndinawapempha kuti aone chimene chinayamba. Pa vesi 5 Yesu akudziitanira yekha kunyumba kwa Zakeyu, munthuyo ali mumtengo, asanalonjeze kalikonse. Lonjezo lobweza kanayi likubwera pa vesi 8, Yesu atamulandira kale. Kenako ndinati alipo wina amene anabweza zonse, ndalama zasiliva 30, nanenanso ndi pakamwa pake kuti wachimwa. Pa Mateyu 27:3-5 Yudasi anamva chisoni, anaulula, anabweza. Anapita kwa ansembe, anapita ku Kachisi, koma kwa Yesu sanapite. Petro analibe choti abweze. Mawu atatu okana Ambuye sabwezeka. Iye anangolira, ndipo pa Yohane 21, atamva kuti amene ali pagombe ndi Ambuye, anadziponya m'nyanja kulunjika komweko. Anapeza moto wa makala ndi nsomba zili kale pamoto. Anayamba wadya, mafunso anabwera pambuyo.

Bambowa anakhala chete nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kudzitsutsa kuti ndalakwitsa. Kenako anati, "Ndiye kuti ine ndikuyenda njira ya Yudasi, kungoti ndili panjinga ya malata."

Ndinati, "Malata pitirizani kubweza, bambo, ndi a anthu. Koma Mulungu sakukugulitsani chikhululukiro pa lata pa lata."

Sabata lotsatira ndinawapempha kuti awerenge okha Luka 15 mokweza, ayerekeze mawu amene mwana wolowerera anakonza ali ku nkhumba ndi amene ananenadi atafika. Pa vesi 18 ndi 19 mnyamatayo akukonza zonena zitatu: ndachimwa, sindiyeneranso kutchedwa mwana wanu, munditenge ngati mmodzi wa antchito anu. Pa vesi 21 akunena ziwiri zoyamba, ndipo bambo ake akuitana kale akapolo kuti abweretse chovala. Bambowa anawerenga kawiri, chala chili pa mzere. Munthu amene wakhala miyezi akuponda dothi la njerwa za eni sanafunike kumufotokozera.

"Za ganyu zija sananene."

"Sanapatsidwe mpata."

"Bambo ake anamudula pakamwa," anatero, n'kutseka buku.

Ndikanakonda kulemba kuti madzulo amenewo anagwada. Sanagwade. Anati akumva zonse, akuvomereza zonse, koma akati atseke maso pakhosi pamauma ngati wameza mchenga. Apa nzeru zanga zinali zitatha.

Mkulu wa maso ofooka

Ndinawapempha chilolezo choti ndiuze munthu mmodzi yekha, ndipo osati zonse, kungoti pemphero lawakanika. Anandidabwitsa posankha mkulu wina wokalamba, wa zaka zoposa 70, amene kubwalo kuja ndi amene analimbikira kwambiri zoti nkhani ipite kupolisi. Nditafunsa chifukwa anati, "Amene uja sanganamize munthu. Akati Mulungu akumva, ndiye kuti akumvadi."

Mkuluyo sanapite patali ndi sukulu, ndipo nditamufotokozera sanafunse zambiri. Anangoti munthu wofa ziwalo uja wa pa Marko 2 sanayende yekha kupita kwa Yesu, anzake anayi anachita kumunyamula. Anayamba kufika pakhomo pa bambowa Lolemba ndi Lachisanu m'bandakucha, asananyamuke kupita ku kabaza. Ankaodira, kukhala pa chitsa, kuvula chipewa, kupemphera mokweza mwachidule, n'kumapita. Sankalalikira, sankawauza kuti atseke maso, sankafunsa za malata. M'pemphero lake ankati "ife anthu awiri ochimwa", ndipo bambowa anandiuza pambuyo pake kuti mawu akuti "awiri" ndi amene ankawasowetsa mtendere, poti mkuluyo ankawanena mosaseka.

Masabata oyamba ankangokhala maso ali pamtunda. Cha m'Disembala anayamba kuyankha "Amen" chapansipansi. Kenako mkuluyo anabwera ndi Baibulo lake lakale nati, "Maso anga atha, bambo, tandiwerengereniko Salimo." Kaya maso anali atathadi kaya inali nzeru ya ukalamba, sindinafunse. Anayamba ndi Salimo 32, pamene Davide akuti pamene anakhala chete mafupa ake anakalamba ndi kubuula kwake tsiku lonse. Anapita ku 51, kenako 130. Masalimo amenewa amalankhula kwa Mulungu mwachindunji, kotero wowerenga mokweza amapezeka akunena kuti "mundichitire chifundo" ndi pakamwa pake, ngakhale akudziuza kuti akungothandiza nkhalamba. Ine ndinakhala miyezi iwiri ndikufuna kuti bambowa apeze mawu awoawo. Mkuluyo anawabwereka a Davide.

Povuta panali pa Pemphero la Ambuye. M'Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922 ndipo akuluakulu ambiri analoweza mawu ake, Mateyu 6:12 akuti, "mutikhululukire mangawa athu." Mangawa ndi mawu akale, lero timati ngongole. Ambiri timangowadutsa osaganizira tanthauzo. Bambowa akafika pamenepo ankaima ngati njinga yaduka tcheni. Kwa iwo zinkamveka ngati akupempha Mulungu kuti afafanize malata a amayi amasiye, ndipo ankati kumeneko n'kuba kachiwiri. Ndinaganiza zowathandiza ndi njira yachidule: pa Luka 11:4 pemphero lomwelo limati "machimo athu", ndiye azinena la Luka. Mkuluyo anakana. "Ayi, abusa. Pomwe pali chilonda m'pomwe timatsuka." Anali wolondola. Ngongole ya kwa anthu ndi mangawa a kwa Mulungu ndi zinthu ziwiri, ndipo bambowa anayenera kufika pozilekanitsa okha, pa mzere womwewo. Choncho ankanena pempherolo limodzi, akafika pa mangawa mkuluyo ankanena yekha, n'kukumananso pa "musatitengere ife kokatiyesa". Zinatero Januwale yense.

Lachisanu lina mu Febuluwale 2025 ananena mzere uja. Mkuluyo anandiuza kuti panalibe kulira kapena chodabwitsa chilichonse, mawu anali ang'onoang'ono, ndipo atatha bambowa anadzuka n'kukapopa njinga. Patapita masiku ochepa mayi anauza mayi busa kuti madzulo ena, mwana atatsegula pakamwa kuti apempherere nsima, bambo anakweza dzanja kumuletsa. Pemphero lonse linali lakuti, "Atate, ndine uja. Zikomo chifukwa cha chakudyachi. Amen."

Za mayiwa ndiyenera kuvomera kuti sitinawasamale mokwanira. Anasenza zimenezi okha kuyambira Malichi mpaka Okutobala, akumva manong'onong'o pachitsime, ndipo ngakhale titadziwa, maso athu onse anali pa amuna awo. Mayi busa ndi amene anaona zimenezi n'kuyamba kuwayendera paokha.

Kubwerera ku Mgonero

Pamene nkhani yowabwezeretsa inafika kubwalo, malata asanu ndi anayi anali asanabwezedwe. Akulu ena anati tidikire athe. Mfundo yawo sinali yopepuka: tikamulandira ngongole ilipo, tikuuza osunga ndalama ena onse kuti chuma cha mpingo n'chodyeka, ndipo amene anasonkha movutika adzati mpingo umakondera odziwika. Ine ndinaima pa 2 Akorinto 2:6-8, pamene Paulo akuuza mpingo kuti chilango cha munthu uja chakwana, amukhululukire ndi kumutonthoza kuti angamizidwe ndi chisoni chochuluka. Zimene bambowa anandiuza pansi pa mango sindikanaziulula, kotero ndinangoti tikadikira lata lomaliza tikhala tikuphunzitsa kuti gome la Ambuye lili ndi mtengo wake. Mkulu wokalamba uja analankhula kamodzi kokha. Anati iye ndi amene ankafuna apolisi, ndipo tsopano akupempha kuti munthuyu adye.

Tinagwirizana kuti abwerere pa Mgonero wa nyengo ya Pasaka ya 2025, asaine pepala la malata otsala, ndipo asabwerere pa utumiki kapena kusunga ndalama. Mkulu mmodzi anakana mpaka mapeto, ndipo mpaka lero maganizo ake sanasinthe. Sindimuona ngati wouma mtima. Akuteteza chinthu chimene chiyeneradi kutetezedwa. Tinasinthanso kasungidwe ka ndalama m'nyumba zonse za mapemphero: zizipita ku banki, osainira akhale atatu, ndipo lipoti liziwerengedwa mwezi ndi mwezi. Kusiya ndalama za mpingo pansi pa mphasa ya mlimi mmodzi m'nyengo yogula feteleza kunali kulakwa kwa ife tonse.

Bambowa anapempha okha kuti aime pamaso pa akhristu a kwawo. Analankhula mwachidule, osatchula za kwacha kapena za ng'amba. Potuluka, mayi wina wamasiye anawagwira dzanja nati, "Ndakhululuka, bambo. Koma nkhuku zanga zinali zitatu." Anayankha kuti akudziwa.

Mmene zilili pano

Pamene ndikulemba, kwatsala malata atatu. Kuchipatala anawauza kuti safunikanso kubwera pafupipafupi, koma ine ndimawafunsabe funso lija la m'Okutobala nthawi ndi nthawi, ndipo amayankha mosabisa. Ulendo wina anati maganizowo anabweranso usiku umodzi njinga itathyoka foloko, ndipo anadzutsa mayi m'malo mokhala yekha mumdima. M'tchalitchi asuntha kuchoka pachitseko, amakhala cha pakati. Kunyumba amapemphera, ngakhale akuti masiku ena pakhosi pamaumabe, ndipo akatero amawerenga Salimo. Pagulu sanayambe. Pa maliro ena mlaliki atachedwa, wina anawakodola mwa chizolowezi chakale, iwo n'kupukusa mutu. Sindinawakakamize, ndipo ndauza akulu kuti asawakakamize.

Mkulu uja amapitabe, koma Lachisanu lokha, poti miyendo yayamba kuvuta. Maso ake tsopano athadi. Afika pa Salimo 119, ndipo akuti pa liwiro limene akuyendera liwafikitsa ku mvula.